Ndinadula madigadi a galimoto ya alamu anga

Inu owerenga, achemwali anga lero ali ndi mkono umodzi chifukwa cha ine. Sindinawamenye, sindinawafunire choipa. Ndinangonyamula galayinda, makina odulira zitsulo, n'kudula chitsulo pamalo pomwe sindinkapadziwa.

Ndinabadwira ku Unit O kuno ku Chitungwiza, ndipo ntchito yanga ndi yowotcherera mageti. Zaka zija dola ya ku Amerika itangoyamba kuyenda, alamu anga, amuna awo a achemwali angawo, anagula pikapu yakale, ija yokoka ndi matayala onse anayi. Iwo ankayendetsa magonyeti, malole akuluakulu aja opita ku Joni, ndiye makiyi ankandisiyira ine kuti ndizikawatengera achemwali mbatata kumafamu, iwo n'kumagulitsa ku Town Centre.

Misewu ya kumafamu kupitirira Dema inali yokumbika moti galimoto inkakhula mimba pansi. Tsiku lina ndinapeza matayala akuluakulu a manomano kwa munthu wina ku Unit N. Nditawaika, pikapu ija inakongola zedi, koma ndikangokhota, tayala linkakhula madigadi, malata aja okuta pamwamba pa matayala. Mumtima ndinati chitsulo sichingandivute ine wodya za chitsulo. Loweruka m'mawa ndinajambula mzere ndi choko, n'kudula madigadi onse anayi. M'mphepete modulamo sindinapinde kapena kusalaza, ndinangopakamo penti wakuda. Masipulingi sindinawakweze. Ndinaiyesa ilibe katundu, ndinazungulira nayo ku Town Centre, phokoso lija zii. Madalaivala a makombi, maminibasi a kuno, ankandiimbira miluzu, ine mapewa m'mwamba.

Lachiwiri tinapita kumafamu ndi achemwali. Tinapakira mbatata mpaka kumbuyo kwa galimoto kunatsika. Pobwerera iwo anakhala pambali panga, chigongono chili pawindo, akuimba nyimbo za kumvano. Titafika pa tala anasiya kuimba.

"Achimwene, simukumva fungo la labala?"

Ndinawayankha kuti ndi mabuleki, asadandaule. Sindinaime, abale anga. Kuima kokha, n'kusuzumira pansi, bwenzi nkhaniyi kulibe.

Patsogolo pang'ono tinagunda dzenje. Ndinangomva phuu! Chiwongolero chinandipulumuka, galimoto inagwera mbali ya achemwali n'kukhwekhwereza pa tala. Ine ndinatuluka wabwinobwino, wopanda ndi bala lomwe. Mbatata zinali mbwee mumsewu monse, amayi ena akukuwa kuti maiwe, maiwe. Achemwali sankalira. Ankangoyang'ana mkono wawo wamanzere womwe galimoto inaupsinja, ngati ndi wa munthu wina. Kuchipatala madokotala anaudula pamwamba pa chigongono.

Patapita masiku awiri ndinapita komwe anakokera galimoto ija. Ndinayang'anitsitsa tayala lakumbuyo. Silinaphulike ndi dzenje ayi. Linali ndi mzere wakuya kuzungulira lonse, wowongoka ngati wocheka ndi mpeni. Katundu atatsitsa galimoto, lata lomwe ndinadula lija linakhala pa tayala n'kumalidya ulendo wonse. Dzenje linangomalizitsa. Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo.

Alamu atafika kuchokera ku Joni, achemwali anawauza kuti inali ngozi ya dzenje basi. Ankanditchinjiriza, ali pabedi, ali ndi ululu. Koma munthu wa magalimoto sanamizika. Titapita nawo kukaona galimoto ija, anayendetsa chala m'mphepete mwa lata lija, chala chinatuluka magazi. Anatembenukira kwa ine.

"Tsano, wadula apa ndani?" anandifunsa. Tsano ndiye mlamu m'chinenero cha kuno.

Ndinavomera kuti ndine. Sanandimenye, sanatukwane. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikapo makiyi. Kuchokera tsiku limenelo timangopatsana moni wa pamaliro.

Inu owerenga, kudziwa kuwotcherera geti sikudziwa galimoto. Mukafuna matayala aakulu, pitani kwa odziwa akweze galimotoyo kaye. Ngati kudula kuli kofunika, m'mphepete mupindidwe bwinobwino, ndipo muiyese itasenza katundu, osati ili yopanda kanthu. Galimoto ya mwini musaikhudze osapempha. Ndipo amene mwamunyamula akanena kuti akumva fungo, imani.

Achemwali anabwerera pamsika. Ndikapita kukawathandiza amandikaniza, amati ntchito yanga ikundidikira. Ndimaima chapatali n'kumawaona akumanga thumba la mbatata, chingwe atachiluma ndi mano.