Tsiku limene ba Justina anataya madzi

Ba Justina a ku komboni ya Kalingalinga sanali munthu womwetulira. Atate awo anachokera ku Malawi kudzaphikira azungu, ndipo anawasiyira nyumba ya zipinda ziwiri ndi pakamwa pakuthwa. Makampani a boma atayamba kugulitsidwa, amuna awo anachotsedwa ntchito, nadwala, namwalira. Kuyambira apo ankachapa zovala kumayadi, ndipo ndi manja ong'aluka ndi sopo anafikitsa mwana wawo Ketty ku koleji ya uphunzitsi.

Mmawa wina m'nyengo yotentha, Ketty anafika wapansi, diresi litang'ambika paphewa. Sanalire. Anangonena kuti Rex, wophunzira mnzake, anamutsekera m'chipinda ku hositelo n'kumugwirira.

Ba Justina anakoleza mbaula, anateleka madzi, anathiramo mchere. Ndimo amachitira azimayi a m'komboni: mwana umusambitse, umuthowe, zovala uchape, anthu asanadziwe.

"Amama, musanisambike," anatero Ketty. "Ba nesi ba pa koleji bakamba ati nisasambe mpaka dokotala anipime. Nikasamba, umboni wonse uzachoka."

"Nanga beve sibanakupime chifukwa chani?"

"Kulibe dokotala kuja. Ati niyambire ku polisi."

Ba Justina anaphula madziwo. Ketty anavala chitenge ndi bulauzi, diresi analibisa pansi pa bedi, n'kunyamuka ndi amayi ake.

Ku polisi yapafupi anawabweza, akuti mlandu ndi wa polisi ya dera la koleji. Kumeneko wapolisi anamuyang'ana Ketty kuyambira kumapazi.

"Imwe ba koleji tikuzibani. Unali kufuna chani mu chipinda cha mwamuna?"

"Lembani pepala yakuchipatala," anatero ba Justina. "Vofunsa ivo mukafunse mwana wanu."

Pepalalo linatuluka dzuwa litapendeka. Kuchipatala chachikulu anakhala pa benchi mpaka msana kuuma, kenako anauzidwa kuti dokotala wopima milandu yotere wapita kale, abwere mawa.

Kunyumba anapeza alendo, nkhani itawafika kale. Dyton, mng'ono wa malemu amuna awo, yemwe ananyamula wailesi ndi mipando maliro asanathe, anali atakhala pakhonde ndi amalume a Rex. Pachingwe, diresi lija linali kudontha madzi. Mkazi wa Dyton anali atalowa m'nyumba n'kulichapa, ndipo beseni la madzi otentha linali kudikira pakhomo.

"Bamulamu, mwatichititsa manyazi," anayamba Dyton. "Kuyendetsa mwana wosasamba tauni yonse monga mbuzi! Aba babwera mwaulemu, tikambisane pa nyumba. Ndani azamukwatira nkhani ikamveka?"

"Diresi wachotsa ndani pansi pa bedi yanga?"

"Nenze kuthandiza chabe," anatero mkazi uja. "Inali na vinthu voipa."

Ba Justina ananyamula beseni n'kukhuthulira madzi kumapazi a amunawo. Amalume a Rex analumpha, nsapato zawo zonyezimira zili matope okhaokha.

"Mipando munatenga, Dyton. Uyu si mupando. Chokani!"

"Mufiti iwe! Ndiwe unadya mukulu wanga!"

"Bwera pafupi, nikudye na iwe."

Anthu anali atadzaza kuseri kwa mpanda. Wina anafuula kuti mayi wochapira anthu walephera kusambitsa wake. Ena anaseka. Ba Justina anakankhira Ketty m'nyumba n'kupiringidza chitseko.

M'katimo munali motentha ngati mu uvuni. Ketty anakhala pansi akudzikanda m'mikono, ndipo apa ndi pamene analira.

"Amama, nalema. Fungo yake ili pa ine. Nisambe chabe, visile, vithe."

Ba Justina anaona mwanayo akuyang'ana ndowa ya pakona. Manja awo ankafunitsitsa kumukhazika m'beseni ngati khanda. Diresi linali litapita kale. Chotsala chinali thupi lomwelo. Anatunga kapu imodzi n'kumumwetsa, kenako anatsegula windo n'kutaya ndowa yonse panja.

"Uzasamba mailo kukacha," anatero. "Nizonde, udane nane, ngati ufuna."

Ketty anatembenukira kukhoma.

Kutacha anali oyamba pa benchi. Dokotala, mzimayi wa maso otopa, anafunsa za zovala. Atamva, anangopukusa mutu. Anafunsanso ngati mtsikanayo wasamba.

"Sanasambe," anayankha ba Justina, ngati akuyambitsa ndewu.

"Ndiye tilowe."

Anamupima, anatenga zofunika ndi thonje, analemba mabala onse. Mlandu unatsegulidwa, Rex anatengedwa ndi apolisi. Zoti bwalo lidzagamula chiyani, palibe ankadziwa.

Madzulo ba Justina anapita pampopi. Azimayi a pamzere anasiya nkhani zawo, wina analavula pambali. Iwo anadutsa onse, anasuntha chigubu cha mkazi wa Dyton ndi phazi, n'kutchera ndowa yawo.

"Alipo ofuna kukamba?" anafunsa.

Panamveka madzi okha akugwera m'ndowa.