Maliro a khomo loyang'anana ndi langa

Amuna anga anamwalira chaka cha mliri, nthawi imene boma linaletsa anthu kusonkhana. Tinali titakhala zaka zambiri m'fulati ya pamwamba ku Govanhill, m'dziko la Asikoti, iwo akuyendetsa basi, ine ndikukolopa m'maofesi. Mwana wathu mmodzi yekhayo anali ku Malawi, ndipo ndege sizinkauluka. Tsiku limene achipatala anandiimbira foni ndinakhala pansi pabalaza, n'kutambalala, kudikira anthu. Sikunabwere munthu. Amayi a kutchalitchi anandiimbira nyimbo pa foni, mawu akudukaduka, wina patsogolo wina pambuyo. Foni itazima ndinatsala ndi kulira kwa firiji. Kwathu ku Ntcheu namfedwa samusiya yekha ngakhale popita kukasamba. Ine ndinalira ndekha, n'kudziphikira ndekha.

Nkhondo ya ku Ukraine inayamba ndisanazolowere umasiye. Ndinaiona koyamba pa TV ya m'chipinda chodyera kuofesi, ndikupukuta matebulo. Akasinja anali atandandalika pamsewu ngati linthumbu. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndipo chimene dzikolo likulimbirana ndi dziko loyandikana nalo sindinachimvetse mpaka lero. Nkhondo imene ndinkaidziwa ndi ya ku Mozambique ndili mtsikana: mfuti kulira kutsidya kwa msewu, anthu kubwera wapansi ndi mitolo pamutu, mbuzi ili pachingwe. Iyi inali ina. Mzinga umachokera kutali, wouponyayo osaona n'komwe amene wamupha. Anaonetsa nyumba yosanja ngati yathuyi itang'ambika pakati, pamwamba pakuoneka khitchini ya munthu, makatani akuuluzika, mapoto ali pashelefu.

Patapita miyezi, m'fulati yoyang'anana ndi yanga munalowa mayi wina wothawa nkhondoyo. Anali wa msinkhu wanga, wamtali, wa imvi. Chingelezi chake chinali chochepa kuposa changa, choncho tinkangogwedezerana mitu pamasitepe. Tsiku lina ndikumuthandiza kukweza zikwama za kusitolo, anaima kuti apume n'kundionetsa chithunzi pa foni. Anali mwana wake wamwamuna, atavala za usilikali zomukulira m'mapewa. Analoza babu la pamasitepe, n'kupotokola dzanja ngati akumanga waya. Ndinamva kuti mnyamatayo anali wokonza magetsi. Amuna sankawalola kutuluka m'dzikomo, ndiye mayiyu anabwera yekha. Foniyo sankaisiya, ngakhale pokataya zinyalala.

Loweruka lina m'mawa ndikuchapa, ndinamva kulira. Kulira kumeneko sikufuna womasulira. Nditatsegula chitseko ndinapeza gogo wa Chisikoti wa pansi pathu ataima pamasitepe, atavala masilipasi. Iye anali atakumana kale ndi mtsikana wothandiza othawa nkhondo, amene anali atangotuluka m'nyumbamo.

"Ndi mwana wake uja," anatero gogoyo monong'ona. "Bomba. Musiyeni apume, mwanawe, panopa safuna anthu. Mawa tigula kadi yopepesa, tilowetsa pachitseko."

"Kadiyo ilira naye?" ndinafunsa.

"Ine amuna anga atafa ndinakhoma chitseko sabata yathunthu, ndipo ndilipo," anayankha, n'kutsika.

Ndinabwerera m'nyumba n'kuimbira mnzanga wa kutchalitchi, mayi wa ku Mulanje amene amagwira ntchito yosamalira okalamba.

"Achemwali, mwayamba misala?" anatero. "Kuno si ku Ntcheu. Mukalowa m'nyumba ya mzungu n'kuyamba mayo mayo, akuitanirani apolisi. Ine kupolisi sindibwerako, ndili pa shifiti."

"Ndiye alire yekha?"

"Mwina kwawo amalira choncho."

"Ine ndinalira choncho. Simukumbukira?"

Kenako anati, "Chabwino, pitani. Koma mawu anu aja muchepetseko, makoma a kuno ndi mapepala."

Ndinamanga chitenje, n'kuvala duku. Ndinagogoda kangapo. Kulira kunaleka, ndipo ndinaganiza kuti satsegula. Atatsegula, nkhope yake inali yotupa, foni ili m'manja. Sindinadikire kuti andiuze kulowa, chifukwa pamaliro sitiodira. Ndinavula nsapato, n'kulowa, n'kukhala pansi pafupi ndi hita yotenthetsera m'nyumba, msana kukhoma.

Mayiyo anandiyang'ana ngati ndadwala. Anakoka mpando kuti ndikhalepo, ine ndinapukusa mutu. Anapita kukhitchini n'kutenga ketulo kuti andiphikire tiyi. Apo ndinadzuka n'kumulanda, poti namfedwa saphikira anthu. Iye anagwiritsa, ine ndinakoka, madzi n'kutayikira pansi. Ndinaona kuti wayamba kuchita mantha. Analankhula m'foni yake m'chilankhulo chawo, foniyo n'kundifunsa m'Chingelezi kuti ndikufuna chiyani.

Ndinafufuza m'Chingelezi changa chonse mawu oti kukhuza maliro, osawapeza. Ndinadziwa oti kuchezera, ndinadziwa oti kupepesa, koma onsewo sanali amenewo. Ndinangomuuza mawu awiri, akuti ndikhala pansi. Ndipo ndinakhaladi.

Iye anakhala pampando, ine pansi. Galasi lodziyang'anira la pabalaza anali ataliphimba ndi nsalu. Patebulo panali chithunzi cha mnyamatayo, kandulo, ndi tambula ya madzi ataivundikira ndi buledi. Ndinaganiza zoti ndiyambe nyimbo ya maliro motsitsa. Sindinafike nayo patali. Chimene chinatuluka ndi kulira. Ndinadzimva ndikuitana, "Bambo a mwana wanga, mwandisiyira yani?" Mnyamatayo sindinamuonepo ndi maso. Amene ndinkamulira ndi wanga, amene ndinalibe womulirira naye.

Sindikudziwa chimene mayiyo anamva. Anatsetsereka pampando paja n'kukhala pansi pambali panga, miyendo yake yaitali itatambalala ngati yanga. Iye ankaitana mwana wake, ine amuna anga. Titatopa ndinakawiritsa tiyi, ndipo ulendo uno ketuloyo anandisiyira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkati ndikaweruka, ndimange chitenje ndiwoloke. Ndinkamuphikira mpunga ndi nyemba, iye n'kudya pang'ono. Sitinkalankhula zambiri. Gogo wa pansi uja analowetsadi kadi yake, koma tsiku lina anabweretsanso supu m'poto, n'kuima pakhomo kutiyang'ana tili pansi.

"Ine ndikakhala pamenepo mudzandidzutsa ndi ambulansi," anatero, n'kukhala pampando.

Vuto linali lakuti malirowa analibe mathero. Kwathu tikaika munthu m'manda, m'mawa mwake timasesa, akuluakulu n'kutiuza kuti mwambo watha, aliyense azipita kwawo. Apa panalibe mtembo, panalibe manda. Mnyamatayo anagwera pamalo amene mizinga inali isanaleke, ndipo anzake sanathe kukamutenga. Panalibe wotibalalitsa.

Tsiku lina ndinaona kuti fumbi lachuluka pansi, ndipo ndinaganiza kuti mwina nthawi yakwana. Ndinatenga tsache kuseri kwa chitseko. Mayiyo anadumpha n'kundigwira dzanja mwamphamvu, mpaka zala zake zinandisiyira zizindikiro.

"Ayi," anatero m'Chingelezi chake chodukaduka. "Sanafike kunyumba."

Ndinabweza tsachelo. Fumbi linakhala, ifenso tinakhala. Chisanu chinadutsa chonse. Pa TV ankaonetsa ngalande zamatope zimene asilikali amabisalamo, ndi tindege topanda woyendetsa tosaka anthu kuchokera kumwamba. Zikayamba zimenezo ndinkazimitsa, iye n'kuyatsanso. Ankayang'anitsitsa nkhope iliyonse.

Masiku atayamba kutalika, mitengo ya kupaki itaphuka, ndinamva kugogoda pachitseko changa. Aka kanali koyamba kuti iye abwere kwanga. Anandionetsa foni. Panali mulu wa dothi latsopano, mtanda wamatabwa ndi mbendera. Mbali ziwiri za nkhondoyo zinali zitabwezerana mitembo, ndipo mlongo wa mayiyo anaika mnyamatayo kumudzi kwawo. M'dzanja linalo anali atanyamula tsache.

Tinasesa tonse, kuyambira kuchipinda mpaka pakhomo, iye ndi tsache, ine ndi chowolera. Anachotsa nsalu pagalasi n'kuipinda. Tinatsegula mawindo. Titamaliza ndinaima pakati pa balaza osadziwa chochita ndi manja anga. Pansi panali poyera, ndipo panalibenso chifukwa chokhalirapo. Anandikokera mpando, ndipo ndinakhala.

Sanachedwe kunyamuka. Anati akufuna akakhale pafupi ndi manda, ngakhale mizinga ikugwabe. Ndinamuperekeza kukakwera basi ya kubwalo la ndege. Anandipsompsona masaya onse awiri, n'kunena zambiri m'chilankhulo chawo, ine n'kumuyankha m'Chichewa kuti ayende bwino, akafike. Basi itakhota ndinabwerera wapansi, ngakhale kunali kamvula. Nditafika pamwamba pa masitepe ndinaona kuti eni nyumba atumiza kale anthu odzapenta. Chitseko chinali chotsegula, wailesi ikuimba, mnyamata wina akuimba nayo mluzu. Anandipatsa moni, ine n'kuyankha, kenako ndinafufuza kiyi wanga m'chikwama.