Magolovesi a Mayi M'dzinja la Anamapopa

Fungo la klorini limandibwezera ku Matawale, kuseri kwa nyumba yathu ya zidina, komwe mayi ankayanika magolovesi awo a labala pachingwe. Anali nawo ochepa, choncho ankachapa n'kuvalanso omwewo. M'dzinja ankachedwa kuuma, chifukwa nkhungu inkatsika kuchokera m'phiri la Zomba n'kukhala pamadenga mpaka dzuwa litakwera.

Ine ndinali mzime, ndinabadwa mayi atayamba kale imvi, ndipo chaka chimenecho ndinali mu sitandade 4. Mayi, omwe aliyense ankawatchula kuti a Nangondo, anali m'komiti ya mjigo, ankatsogolera amayi pamaliro, komanso ankasamalira odwala Edzi m'makomo mwawo popanda malipiro. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu wamba, ndipo matendawo sankatchulidwa dzina. M'nyumba zambiri mayi ankalowera khomo lakuseri.

Imodzi mwa nyumbazo inali ya a Mulima, ogulitsa nyama ya mbuzi pamsika. Anthu ankauzidwa kuti akazi awo anapita kwawo ku Phalombe, chonsecho anali chigonere m'nyumba momwemo, m'chipinda chotseka mawindo. Ine ndinkadziwa chifukwa Loweruka ndinkawatungira madzi. Tikamatuluka, mayi ankangoti, "Zimene waona umu uzisiye momwemu."

Kenako inafika mphekesera ya anamapopa. Inabwera ndi maminibasi, aliyense n'kumawonjezera zake. Ankati pali anthu opopa magazi a anzawo n'kukagulitsa, ndipo amayenda ndi zikwama. Kusukulu ana ankathawira pawindo akangomva galimoto yachilendo. Anyamata anayamba kuyenda ndi mawezulo ndi zibonga, n'kumaimitsa aliyense wosamudziwa. Posakhalitsa anayambanso kuimitsa owadziwa. Pamjigo amayi ankasiya kucheza ine ndikafika, ndipo tsiku lina ndinapeza ana atasuzumira pampanda wathu, akuloza magolovesi.

Achimwene anga a Fanuel anawadandaulira. "Mayi, tayambani mwasiya, mpaka zimenezi zidutse."

"Ndikasiya, odwalawo awatembenuza ndani?" anatero mayi, akumanga duku.

Zinachitika Loweruka masana, tikuchokera kwa a Mulima. Tinadzera njira ya m'mbali mwa Likangala, mtsinje utadzaza, madzi ali bii ndi matope, chimanga cha m'minda chikutiposa msinkhu. Wezulo analira kutsogolo, wina n'kuyankha kumbuyo. Tisanadziwe chochita, tinali pakati pa anthu. Mnyamata wina analanda chikwama cha mayi n'kuchikhuthula m'matope. Munatuluka sopo, magolovesi, ndi nsalu zamagazi zomwe mayi ankakaviika kunyumba.

"Magazi awa ndi a ndani?" anafunsa mnyamatayo.

"A wodwala."

"Wodwala wake uti? Tiyeni mukationetse."

"Sindingakuonetseni," anatero mayi.

Nkhope zonse ndinkazidziwa. Ena mayi anawasambitsirapo makolo awo, ena tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Kumbuyo kwa gululo ndinaona a Mulima, atathamanga kuchokera kumsika apuloni ali m'chiuno. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatchule, koma mayi anandifinya dzanja mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Mwala unawamenya mayi pamwamba pa diso. Sanagwe. Magazi anatsika m'tsaya n'kudonthera pabulauzi, ndipo wina anafunsa ngati pali amene ali ndi palafini.

A Mulima anaima pomwepo nthawi yomwe kwa ine inatalika kwambiri. Kenako anakankha anthu n'kufika kutsogolo.

"Asiyeni mayiwa. Akuchokera kwathu. Mayi akunyumba sali ku Phalombe, ali m'nyumba, akudwala. Magaziwo ndi a zilonda zawo."

Palibe amene anafunsa kuti akudwala chiyani. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, miyala ikugwa m'udzu, popanda wopepesa. Mayi anawerama n'kutola zinthu zawo okha.

Kunyumba, a Fanuel akuwatsuka bala ndi madzi amchere, mayi analira. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pamaliro. Mmawa mwake anapita kutchalitchi ndi pulasitala pamphumi n'kukakhala pamalo awo a nthawi zonse, ndipo Lolemba anabwerera kwa a Mulima, ulendo uno polowera khomo lakumaso.

Nyama ya a Mulima inasiya kugulidwa. Mwendo wa mbuzi unkalendewera tsiku lonse, ntchentche zili ng'a, anthu akudutsa kupita pabenchi ina. Akazi awo anamwalira chimanga chisanakhwime, ndipo titakolola a Mulima anasamuka ku Zomba. Sitinamvenso za iwo.

Mayi anapitiriza ntchito yawo zaka zambiri, mpaka mawondo anakana, ndipo anamwalira ali nkhalamba yoyendera ndodo, chipsera chija chitabisala m'makwinya. Pamaliro awo anthu anayamikira za mjigo ndi za odwala, koma za tsiku lija palibe anatchula.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mayi analira chifukwa cha mwala, ndipo ndinkawakwiyira kuti anakana kunena dzina limodzi lokha lomwe likanatipulumutsa msanga. A Mulima ndinkawaona ngati munthu amene anachedwa. Ndinakula kaye kuti ndimvetse kuti mayi ankadziwa chimene mawu aja adzawachite bambowo pamsika, ndipo ankalira chifukwa chinsinsi chomwe analonjeza kusunga chinaululika powapulumutsa iwo.