Rimoti yanu ndaitchajanso, achimwene

Achimwene, patha chaka chitisiyireni, ndipo mphepo ya kunyanja yayambanso kuwomba phiri la ku Golomoti. Ndatulutsa rimoti ya kandege kanu kopanda injini kaja, ndaitchaja, yayaka bwinobwino. Tsiku lomaliza kuphiri kuja ine ndinkaponya kandege, inu mukukawongolera, rimoti ili lende pakhosi. Ndinati, "Ndigwireko nane." Munaseka n'kunena kuti, "Lero mphepo yakula, udzaphunzira Loweruka." Loweruka lakelo tinali kukuikani m'manda.

Lero ndakwera ndekha, kandege dzanja ili, rimoti dzanja linali. Ndaima pathanthwe paja mpaka miyendo kuwawa, osakaponya. Kakangosweka nditsala ndi chiyani chanu? Achimwene, chonde, timitengo tiwiri towongolerati ndiyambe kukankha kati?