Mmisiri Amene Anamuika M'chingwe

Alamu anga a Kasiran, amuna awo a mkulu wanga Sarinten, anali mmisiri wosema matabwa kwathu ku Jepara, pachilumba cha Java. Anali munthu wodzimva, koma akagwira tchizulo duwa linkatuluka m'thabwa ngati lamera lokha. Maso okha ndiwo anayamba kuwavuta, choncho ankavala magalasi.

Chaka chimene Adatchi, azungu amene ankatilamulira, anakonza chionetsero chachikulu cha mayiko mumzinda wa kudoko, anatitenga tonse awiri, iwo kukasema, ine kukajambula nsalu za batiki. Dziko lililonse linamanga nyumba yake, makampani akuluakulu chimodzimodzi. Ya Ajapani inali ndi denga lopindikira m'mwamba, ya eni minda ya nzimbe inali ndi nsanja yoyaka magetsi. Yathu ya Java anailemba papepala mzungu wina wachinyamata, koma khoma lonse lakumaso, zitseko ndi nsanamira zomwe, anasema ndi alamu, miyezi isanu.

Tsiku lotsegulira anavala malaya oyera, kuganiza kuti aima pakhomo. Kunabwera Dirjo, kapitawo wathu, Mjava mnzathu.

"Bambo, vulani malayawo. Magalasiwonso bweretsani kuno."

"Ndisema bwanji osaona?"

"Bwana wa chionetsero akuti alendo abwera kudzaona Mjava weniweni, osati kalaliki. Muzingogogoda basi, ndani akudziwa?"

Anawakhazika pamphasa, chifuwa pamtunda, n'kuwazunguliza chingwe. Ine ndinali m'chingwe changa pafupi pomwepo. Azimayi achizungu ankawaloza ndi maambulera, ana n'kumawagenda mtedza. Opweteka kwambiri anali athu omwe a m'tauni, ovala nsapato.

"Agogo, kodi mumaluma?"

Kumbuyo kwa alamu anthu ankasisita khoma lija, kenako n'kuwerenga chikwangwani. Panali dzina la mzungu uja lokha.

Sabata yachitatu tchizulo inaterereka n'kulowa m'dzanja lamanzere la alamu. Magazi anathamangira pathabwa, anthu anaunjikana kuposa masiku onse. Ndinadumpha chingwe n'kuwamanga ndi nsalu yanga.

"Apite kwa dokotala awa," ndinatero.

"Tikatseka pageti," anayankha Dirjo. "Taonani anthuwa! Mukufuna aone mphasa yokha?"

Anakhala mpaka madzulo, mawa lakenso chimodzimodzi. Dzanja litatupa n'kuyamba kununkha, m'pamene anawachotsa chifukwa alendo ankatseka mphuno. Dokotala anadula zala zitatu. Mendulo ya nyumba yokongola inapita kwa mzungu uja. Chionetsero chitatha, khoma analicheka zidutswa zisanu ndi chimodzi kuti likwane m'mabokosi a pasitima, sowo kudutsa pakati pa maluwa.

Titabwerera kumudzi, alamu anapeka nkhani yawo. Ankati bwanamkubwa anawagwira chanza, ndipo zala zinapita nsanamira itagwa, iwo akupulumutsa mwana wa mzungu. Anthu ankamvera kukamwa yasa. Ine ndinasunga pakamwa zaka zinayi.

Tsiku lina pa ukwati wa mwana wawo, pamaso pa alendo, anatola nsalu imene ndinapereka ngati mphatso.

"Mlamu, izi ndi mbalame kapena nkhuku zonyowa? Manja onse muli nawo, koma ntchito yake iyi?"

Anthu anaseka. Mtima unandiwira.

"Komatu ine sanandigendepo mtedza," ndinatero. "Auzeni za chingwe chija, alamu. Auzeni amene anakuvulani malaya."

Ndinafotokoza zonse, osasiya kanthu, ndipo ndinkamva kukoma. Mkulu wanga anandikoka nsalu, ine osaleka. Anthu anaseka kuposa poyamba. Alamu anadzuka pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira pamenepo m'mudzi ankawatcha Chionetsero. Anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri akupala mipando ya amisiri amene kale anali ophunzira awo. Sanandiyankhulenso. Atamwalira, Sarinten anatuma munthu kudzandiuza kuti ndisavutike kubwera kumaliro.