Utsi wa Ba Petronella

Ku Chawama, mkwatibwi aliyense wovala diresi yomukhala amawadziwa Ba Petronella, telala wa pakhonde pafupi ndi msika. Pakamwa m'pakuthwa, koma msoko wawo sukhota.

Ng'ala itawaphimba diso, anakachitidwa opaleshoni, madokotala n'kuwaikira kagalasi m'kati mwa disolo. Anabwerako akutiloza mmodzimmodzi: uyu wakalamba, uyu sachapa kolala. Mankhwala odontheza anamaliza bwinobwino, koma zobwererako kukapimitsa anati n'za anthu osowa chochita.

Kenaka zinafika zaka zija kwacha inagwa, magetsi n'kumazima tsiku lonse, komboni yonse ikuphikira pa mbaula. M'pamene mayiwa anayamba kuona utsi. M'mawa utsi, masana utsi, m'tchalitchi momwe utsi. Mlandu unagwera Ba Obed, oyandikana nawo nyumba, ogulitsa makala.

"Ba Obed, malasha yanu yachilamo chusi, utsi wokhawokha. Mufuna kutipaya?"

Ife tinkangoseka, poti utsiwo ankauona okha. Kuseka kunatha tsiku lomwe mwana wawo Norah anawapeza akulira pa makina, diresi ya ukwati wake ili pamiyendo, ulusi ukukana kulowa pa singano. Anaveka ana a eni ake osawerengeka, ndiye alephere wawo yemwe? Pansi pa mtima ankadziwa kuti si makala. Ankaopa kuti ng'ala yabwerera, ndipo za mpeni kachiwiri sankafuna n'kumva komwe.

Norah anachita kuwakokera kuchipatala.

"Amayi, ng'ala sibwerera," anatero dokotala. "Kathumba kosunga kagalasi kaja ndiko kachita chifunga. Mukanabwera msanga simukanavutika chonchi. Tingokatsegula ndi kuwala kwa makina athu, popanda mpeni."

Anakhala pa benchi kudikira magetsi. Atayaka, anatsamiritsa chibwano pa makina, timagetsi n'kuthwanima m'diso kangapo, basi. Mayiwo mpaka anafunsa ngati dokotala wayamba kale.

M'mawa mwake ulusi unalowa kamodzin'kamodzi. Diresi ija ndinaiona ndi maso angawa, ndipo ndinasangalala ngati wokwatiwa ndine.

Mukuti anapepesa? Ndiye kuti simuwadziwa. Paukwati anadzaza mbale ndi nkhuku n'kupita nayo okha kwa Ba Obed.

"Mwachita bwino kuchinja malasha," anatero. "Manje komboni yonse yaoneka."

Ba Obed, amene makala awo anali omwe aja, analandira ndi manja awiri.

"Tinachinjila imwe, amai."