Nsapato za Pawindo

Mdzukulu wanga akupukuta nsapato pakhonde, ndipo fungo la polishi landikumbutsa amalume, omwe anali phungu nthawi ya Chitaganya. Ankapita ku Halale kukadzudzula sitolo zogulitsa katundu kwa anthu akuda pawindo, ndiye anafuna nsapato zatsopano. Ndili mwana ndinawaperekeza ku Limbe, komwe mzungu wa m'sitolo anatiponyera bokosi pawindo pomwepo, kuyesa ayi.

Ine ndinanyada. "Amalume, mpaka mzungu kukutumikirani panja! Ndinu bwanadi eti?"

"Takhala chete iwe, nyamula."

Kunyumba tinapeza zonse ziwiri zili zakumanzere. Anavalabe, nakakwera sitima akutsimphina, ine n'kumaganiza kuti aphungu amayenda choncho. Atabwerako anati m'Nyumba ya Malamulo anangozivula n'kuziika patebulo.

Ndakalamba ndikumvera aphungu pa wailesi, koma sindinamve wolankhula kuposa nsapato zija.